Bambo Akasiya Kulankhula, Asaine Ndani?

M'nyengo ya mwera yapitayi, nyanja ili yolusa ndipo usipa ukusowa padooko, ife a gulu loyendera odwala tinaitanidwa pakhomo pena ku Senga Bay. Mwini khomolo ndi bambo wa zaka za m'ma 60, msodzi wodziwika, mwini chilimira, boti ndi injini yake. Tsiku lina m'mawa anagwa ali mkati mowerenga ndowa za usipa. Pofika nawo kuchipatala n'kuti mkono ndi mwendo wakumanja zitafa, pakamwa patapotoka, mawu atathawa. Madokotala anati ndi sitiroko, ndipo gwero lake ndi BP imene bambowo ankaidziwa ndithu, koma mankhwala ankamwa modumphadumpha.

Ife tinapita kukaphunzitsa za kuwatembenuza pogona kuti asachite zilonda, ndi kaphikidwe ka phala loti asatsamwe nalo. Koma tinapeza nkhani ina. Pakhonde panali msonkhano. Mng'ono wa wodwalayo ankafuna kuti injini igulitsidwe msanga, ati anyamata a m'boti asanaiwononge. Mayi a pakhomopo ankakana kwamtuwagalu. "Alamu, milungu itatu amene ndagona pansi kuchipatala ndine. M'buku analemba dzina langa kuti gadiyani. Lero mundiuze za injini?" Mwana wawo wamkulu, amene ali ku Johannesburg, anali pa WhatsApp akulamula kuti wina asakhudze kanthu mpaka iye atabwera mu Disembala. Naye mwana wa achemwali awo anakumbutsa onse kuti ukondewo unagulidwa ndi ndalama za mpunga wa m'dimba la mbumba.

Mwini wake anali pomwepo, pamkeka, atatsamira khoma. Maso ake ankatsatira aliyense wolankhula. Palibe amene anamufunsa kanthu.

Atationa, onse anatembenukira kwa ife. "Inu a zaumoyo, tiuzeni, wamphamvu ndani pano?" Ife si maloya, ndipo tinanena choncho. Koma funso limeneli takumana nalo ku Chipoka, ku Lifuwu, ku Khombedza ndi m'makomo athu omwe, moti tinakakamizika kufufuza. Yankho lake silikoma kumva: mwa anthu anayi aja, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anali ndi mphamvu imene ankadziyesa kuti ali nayo.

Mawu akuti gadiyani ndi amene amatisokoneza. Kuchipatala, gadiyani ndi wodikirira wodwala: amaphika, amachapa, amasambitsa, amathamangira namwino usiku. Ndi ntchito yaikulu, ndipo popanda magadiyani zipatala zathu sizingayende tsiku limodzi. Komatu pa malamulo, woyang'anira munthu wamkulu kapena chuma chake ndi amene waikidwa ndi khoti. Kulembedwa dzina m'buku la muwodi sikumuika munthu pa udindo umenewo. Kholo lili ndi mphamvu pa mwana wake mpaka atakwana zaka 18, kenako mphamvuyo imatha. Ukwati supatsa mkazi siginecha ya mwamuna wake, ndipo supatsa mwamuna ya mkazi wake. Mwinimbumba amamveka kubwalo la mfumu, ndipo n'koyenera kutero, koma pawindo la kubanki mawu ake sagwira ntchito. Ngakhale dzina limene tinalemba pafomu ya kubanki kuti ndi la wachibale wapafupi, ndi la munthu woti auzidwe zikavuta. Silimuloleza kutapa ndalama.

Tisanafike pa funso lakuti asaine ndani, pali lina limene mabanja ambiri amalidumpha: kodi wodwalayo walepheradi kudzisankhira? Kulephera kulankhula si kulephera kuganiza. Sitiroko imene yakhudza mbali yakumanzere ya ubongo imapha ziwalo zakumanja ndipo kawirikawiri imawononga mawu. Ena mwa odwala otere amamva bwinobwino zimene tikunena, kungoti mawu akukana kutuluka. Ena kumvetsa komwe kumasokonekera. Ndi dokotala amene angasiyanitse, osati ife poyang'ana nkhope. Palinso kusokonezeka kwa kanthawi, kumene kumabwera ndi malungo aakulu, chibayo, matenda a m'njira ya mkodzo mwa okalamba, kapena shuga akatsika kwambiri. Munthu amabwebweta lero, osazindikira ana ake, koma akalandira mankhwala amabwerera mwakale sabata isanathe. Tawonapo mbuzi zitagulitsidwa m'masiku ochepa oterewo, mwini wake n'kudzuka n'kupeza khola lili pululu.

Achipatala akamayesa ngati munthu angathe kusankha, amayang'ana zinthu zinayi: ngati akumvetsa nkhaniyo ikafotokozedwa mophweka, ngati akuisunga m'mutu kwa nthawi yokwanira kuti asankhe, ngati akutha kuyeza ubwino ndi kuipa kwake, ndiponso ngati angathe kusonyeza chimene wasankha, kaya ndi mawu, kugwedeza mutu, kuloza kapena kufinya dzanja. Kuyesaku kumachitika pa nkhani iliyonse payokha. Agogo amene sangathenso kuwerengera ndalama za lendi angathe kunena momveka kuti akufuna kukhala kwa mwana uti. Ku England mfundo zimenezi anazilemba m'lamulo la Mental Capacity Act la 2005, ndipo anaikamo ina imene ife timaikonda: kusankha mopusa sikusonyeza kuti munthu mutu sukugwira. Tonse tili ndi m'bale amene amawononga ndalama ali bwinobwino. Nalo dziko lathu mu 2009 linavomereza pangano la United Nations lokhudza ufulu wa anthu olumala, limene limati munthu wotere athandizidwe kusankha yekha m'malo momulanda mawu.

Tiyerekeze tsopano kuti dokotala watsimikiza kuti wodwala sangathedi kusankha. Pa nkhani za chithandizo zinthu n'zopepukirapo. Moyo ukakhala pachiswe, achipatala sadikira siginecha ya wina aliyense. Amachita zoyenera kupulumutsa moyo. Pa zina, monga opaleshoni imene ingadikire, amafunsa achibale ndipo kawirikawiri amasainitsa amene alipo. Apa m'pamene timalakwitsa. Wosaina sakufunsidwa chimene iye akufuna. Akufunsidwa chimene wodwalayo akanafuna, ndi chimene chingamupindulire. Mayi amene moyo wawo wonse ankathamangira kuchipatala sitingawatulutse muwodi usiku kupita nawo kwa sing'anga chifukwa choti malume akhulupirira kuti ndi zamatsenga. Tinenenso ife a mpingo, popeza nafe zimatikhudza: kutulutsa munthu wosazindikira pakati pa chithandizo kuti akapemphereredwe kwina ndi kumusankhira chinthu chimene iye sanasankhe. Pemphero limatheka pambali pa bedi.

Amene muli ndi abale ku South Africa mudziwe kuti kumeneko lamulo lawo la National Health Act la 2003 linandandalika amene angavomereze chithandizo m'malo mwa wodwala. Choyamba ndi munthu amene wodwalayo anamusankha mochita kulemba, kapena amene wapatsidwa mphamvu ndi lamulo kapena khoti. Akasowa ameneyo, pamabwera mkazi, mwamuna kapena bwenzi lokhala nalo, kenako kholo, agogo, mwana wamkulu, ndipo pomalizira m'bale kapena mlongo. Taonani kuti malume palibepo pamndandandawo. Mwana wanu akakomoka ku Johannesburg, amene angafunsidwe poyamba ndi mkazi amene akukhala naye, ngakhale inu simunamuonepo.

Pa chuma m'pamene pali minga. Tinene zimene zimachitika, chifukwa tonse tikuzidziwa. Foni ya wodwala imatengedwa, wina amene ankadziwa PIN ya Airtel Money kapena Mpamba amayamba kutapa. Khadi la kubanki limayenda m'matumba a ana. Pepala logulitsa malo limabwera usiku, chala cha munthu wosazindikira chimapakidwa inki n'kudindidwa. Nthawi zambiri woyambitsa zimenezi sakhala wakuba. Amakhala mwana wotopa amene akufuna ndalama ya matewera a akulu ndi ya galimoto yopita ku Kamuzu Central Hospital. Koma chala chodindidwa mwini wake asakudziwa si chivomerezo. Ndi chinyengo, ndipo tsiku limene wodwala achira kapena m'bale wina akadandaula, wodindisayo ndi amene adzayankhe mlandu. Wogulanso akhoza kutaya malo ndi ndalama zomwe. Inu amene mumathamangira injini kapena puloti yotchipa ku Kamuzu Road mutamva kuti mwini wake wadwala, samalani.

Ena amatiuza kuti, "Koma bambo analemba wilo." Wilo imayamba kugwira ntchito mwini wake akamwalira. Lamulo la 2011 lokhudza chuma chamasiye, limene linakhwimitsa chilango kwa olanda katundu wa amayi amasiye ndi ana, nalonso ndi la pambuyo pa imfa. Munthu akadali moyo, ngakhale sakulankhula, ngakhale sakuzindikira, katundu ndi wake. Palibe cholowa chimene chagwa.

Pali kalata imene maloya amaitcha power of attorney, imene munthu amapatsa nayo mnzake mphamvu yomuchitira zinthu monga kusaina, kulandira ndalama kapena kugulitsa. Ndi yothandiza kwa amene ali kunja, kapena amene thupi lafooka koma mutu uli bwino. Ili ndi misampha iwiri. Woyamba, munthu ayenera kuilemba akuzindikira chimene akuchita. Simungamulembetse atasokonezeka kale. Wachiwiri ndi umene ambiri sadziwa. Pa mfundo ya malamulo imene tinatengera kwa Angerezi, mphamvu ya wotumidwa imatha pamene womutumayo mutu wasiya kugwira, ndiye kuti kalatayo imafa pa nthawi imene banja likuifunitsitsa. Angerezi eni ake anaona vutoli n'kukonza mtundu wina wa kalata umene umapitirira. Ku South Africa vutoli likadalipo, ndipo mabanja amapita kukhoti. Choncho ngati muli ndi kalata yotere m'sutikesi, musagone nayo tulo musanafunse loya kuti imafika pati.

Njira yotsimikizika pa zinthu zikuluzikulu, monga ndalama zimene zili kubanki, nyumba ya mapepala, penshoni kapena galimoto, ndi kupempha khoti kuti liike munthu woyang'anira. Si njira yachilendo kuno. Inalimo kale m'lamulo la nthawi ya atsamunda la Mental Treatment Act la 1948. Khoti limafuna umboni wa dokotala, limafuna kudziwa chuma chimene chilipo ndi achibale amene akukhudzidwa, ndipo woikidwayo amayankha kukhoti za mmene wayendetsera. Amene alibe ndalama ya loya angapite ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza osauka pa milandu, ndipo poyambira papafupi ndi ofesi ya zachisamaliro cha anthu paboma. Sitikunamizani kuti n'zachangu. Kuchoka kuno kukafika ku Lilongwe ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 100, ndipo ulendo sukhala umodzi. Banja limene chuma chake chonse ndi boti, mbuzi zisanu ndi dimba la mpunga silingapite kukhoti pa chilichonse, ndipo ambiri sadzapitako n'komwe. Ndiye achite chiyani?

Zimene timalangiza n'zimene taona zikuteteza wodwala ndi womusamala yemwe. Banja likhale pansi, mbali zonse ziwiri, kuchimuna ndi kuchikazi, ankhoswe alipo, ndipo wodwala akhale pakati pawo osati kuseri kwa chitseko. Musankhe munthu mmodzi wolankhula ndi achipatala, kuti namwino asamve zitatu zosiyana tsiku limodzi. Wogwira ndalama akhale wina, ndipo wachitatu aziona kope. Inde, kope wamba la kusukulu. Ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka ilembedwe ndi tsiku lake, malisiti amatidwe momwemo. Anthu amaseka tikanena za kope, ena amakwiya kuti tikuwayesa akuba. Koma patapita chaka, mlamu akadzafunsa kuti ndalama za usipa zinapita kuti, ndi kope lomwelo limene lidzapulumutse mayi amene sanadyepo ngakhale tambala.

Ndalama za wodwala zigwire ntchito pa wodwalayo ndi pa anthu amene iye ankawasamala kale, monga fizi ya mwana amene ankamulipirira. Si nthawi yoti mwana amalizire nyumba yake kapena ayambire geni, ngakhale atalonjeza kubweza. Ndipo pa chinthu chilichonse, sankhani njira imene ingabwezedwe. Boti likhoza kubwereketsedwa, dimba likhoza kulimidwa ndi wina mogawana zokolola. Chogulitsidwa sichibwerera. Ngati kugulitsa sikungapeweke, mwina chifukwa cha chithandizo chimene wodwala akufunikiradi, pakhale kalata ya dokotala, mgwirizano wolembedwa wa banja lonse, ndi umboni wa mfumu. Tinene mosabisa kuti zimenezi sizisandutsa banja kukhala khoti. Zimangosonyeza kuti munachita poyera ndiponso mokomera mwini wake. Pa malo ndi nyumba, funsani a zamalamulo musanalandire ndalama ya wogula.

Okalamba amene ayamba kuiwala ndi amene amadyeredwa kwambiri, chifukwa matenda awo amabwera pang'onopang'ono ndipo palibe tsiku limene banja limakhala pansi. Agogo amayamba kusokoneza mayina, amasochera pobwera kuchigayo, amapezeka usiku pakhomo pa eni. Mdzukulu amayamba kukawalandirira ndalama za Mtukula Pakhomo, ndipo zimene zimafika kwa agogo ndi sopo mmodzi. Akadandaula, akuti aiwala. Akapezeka panja usiku, akuti ndi mfiti. Amenewa ndi matenda a ubongo, ndipo kutchula munthu mfiti ndi mlandu pansi pa lamulo la Witchcraft Act la 1911. Mukaona wokalamba akulandidwa kapena akuopsezedwa, nthambi ya polisi yothandiza ozunzidwa ilipo chifukwa cha zoterezi.

Kwa ife amene mitu ikugwira lero, ntchito ndi yopepuka kuposa zonsezi, kungoti timaiopa. Timati kukamba za kudwala n'kudziitanira tsoka. Komatu kafukufuku wa unduna wa zaumoyo ndi bungwe la WHO wa 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'dziko muno anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri sankadziwa. Ndiye kuti nkhani ya msodzi uja ili pafupi ndi khomo lililonse. Tiuze a m'banja mwathu, tikudya nsima, amene tikufuna kuti adzatilankhulire. Tilembe dzina lake ndi nambala yake patsamba loyamba la buku lathu la kuchipatala, ndi kusaina. Tifunse kubanki za akaunti ya anthu awiri kapena za kuika wosainira wachiwiri, ndipo tifunsitse chimene chimachitika mmodzi akadwala. Tilembe ngongole zimene tili nazo ndi zimene ena ali nazo kwa ife. Amuna ambiri a m'mbali mwa nyanja muno amasunga zonsezi m'mutu, ndipo mkazi amadziwa za ngongole ya mafuta a injini tsiku limene wokongoza wafika pakhomo. Kumene kuli mitala, kapena ana a kwina, kulemba n'kofunika koposa.

Ku Senga Bay kuja, tinapempha kuti msonkhano uyambe waima. Tinakhala pansi pafupi ndi bambowo, mbali yakumanzere, ndipo mmodzi wa ife anawagwira dzanja. Tinagwirizana kuti kufinya kamodzi ndi inde, kusafinya ndi ayi. Tinayamba ndi mafunso amene mayankho ake tinkawadziwa. Kodi dzina lanu ndi lakuti? Tinatchula lolakwika, dzanja linangokhala. Tinatchula loona, anafinya. Kodi boti lanu ndi lobiriwira? Kodi mwana wanu ali ku Zambia? Sanaphonye. Sitinathamange. Tinapempha banja kuti pa tsiku lawo lobwerera kuchipatala akafunse dokotala ngati bambowo akumvetsa, ndipo dokotala analemba m'buku kuti kumva akumva, vuto ndi kutulutsa mawu.

Sabata yotsatira anafunsidwa za injini, pamaso pa nduna ya mfumu ndi ankhoswe, ndipo anafunsidwanso tsiku lina m'mawa ali ndi mphamvu. Maulendo onse awiri anakana kugulitsa. Atafunsidwa ngati siginala wawo wakale angapitirize kupita panyanja ndi anyamata, anafinya mpaka mnzathu anati dzanja lamupweteka. Ndalama anasankha kuti azisunga mayi. Pa funso lakuti mng'ono wawo aziona kope Lachisanu lililonse, anakhala kanthawi, akuyang'ana mng'ono wawoyo, kenako anafinya.

Si onse anakondwa. Wa ku Johannesburg anadula foni, ndipo anatha mwezi osatumiza kanthu. Nkhani ya mpunga wa mbumba sinathe, yangoikidwa padera. Ndalama zimene zili kubanki zikadali komweko, chifukwa dzanja losainira ndi lomwe linafa, ndipo mayi auzidwa kuti abwere ndi kalata ya dokotala komanso mwini wake kuti a kubanki akamuone okha. Akusonkhanitsa ya galimoto, popeza pakabaza sangakwere.

Titapitako komaliza tinapeza kope lili pa tsamba la 14. Bambowo ayamba kuyenda ndi ndodo mpaka pamtengo wa mango, ndipo mawu amodziamodzi akubwerera. Mayi anatiuza kuti loyamba kumveka bwino linali "petulo", tsiku limene siginala anabwera kudzanena kuti mafuta atha msanga.